Udzu wa pa Ngodya ya Galaja

Pa 6 Sepitembala 2008, tsiku Loweruka, a Wendell Paquette analembetsa dzina lawo ku Bungwe la Okonda Maokidi Apanja la m'tauni ya Tilden, kumpoto kwa Vermont. Anali atapuma ntchito chaka cham'mbuyo mwake, atayenda ndi makalata pa msewu umodzi womwewo wakumidzi kwa zaka 31. Bungwelo linawalandira ngati oyembekezera umembala, monga linkalandirira munthu aliyense. Mlembi wake, Mayi Verna Stoddard, anawapatsa kabuku ka malamulo ka masamba anayi ndi kachikwangwani kobiriwira kozika m'dimba.

Malamulo analipo khumi ndi awiri, koma amene ankasowetsa anthu mtendere anali atatu. Lachitatu linkati munthu amasanduka membala weniweni ngati okidi, duwa la mtundu wovuta kulima, yakhala panja, m'dothi la pakhomo pake, nyengo zachisanu zitatu motsatizana, kenako n'kutulutsa maluwa komiti ikuona. Lachinayi linkati woyembekezera akalephera zimenezi, dzina lake limafufutidwa pa 31 Ogasiti wa chaka chakhumi, ndipo sabwereranso. Lachisanu ndi chiwiri linkaletsa membala kutchula dzina la chomera cha mnzake chisanatulutse duwa. Limeneli linalembedwa mu 1987, aphunzitsi awiri atakangana za tsamba limodzi pa msonkhano wapachaka mpaka kuthirana khofi, ndipo kuyambira pamenepo ku Tilden kunali bata.

Anthu ankapirira zonsezi chifukwa cha dambo. Penapake m'nkhalango za kumeneko munali dambo lomeramo okidi yotchedwa nsapato ya mfumukazi, yoyera, yokhala ndi kathumba kofiirira, mazanamazana. Malowo ankawadziwa mamembala okha, poopa akuba amene amafukula maluwa otere n'kukawafetsa m'miphika. Loweruka lachinayi la mwezi wa Juni chaka chilichonse, mamembala ankasiya mafoni m'dengu, n'kukwera kabasi kamodzi, n'kupita. Oyembekezera ankatsala kutchalitchi akukonza matebulo a chakudya chamasana. A Paquette anakonza matebulo amenewo kasanu ndi kanayi, ndipo chimene ankalakalaka pa moyo wawo wonse wopuma ntchito chinali chimodzi chokha: kukwera kabasi kameneko.

Anayamba ndi mwayi umene ena anachita nawo nsanje. Mu Okutobala 2008, a Alton Wheelock, amene anayambitsa bungwelo mu 1974, anawaitana kunyumba kwawo. Mkuluyo anali ndi zaka 91 ndipo maso anali atatha. Anawapatsa muzu wonenepa m'chitini cha khofi, n'kuwauza kuti aukumba okha ndi manja awo pafupi ndi kamtsinje kuseri kwa khola, kuti ndi nsapato ya mfumukazi, kuti imachedwa koma imafika. Pa 2 Januwale 2009 a Wheelock anamwalira. Muzu uja unasanduka mphatso yomaliza ya mwini bungwe, ndipo a Paquette anali ataubzala kale pamalo a mthunzi kumpoto kwa nyumba, n'kuutchinga ndi waya kuopa agwape.

Chipale chofewa cha m'nyengo yachisanu chitasungunuka, chomeracho chinatuluka ndi mphamvu, masamba aakulu amizeremizere ngati opindidwa ndi ayironi. Akazi awo, Mayi Jeannine, amayi a mwana wawo Colette, amene anakulira pa famu ya ng'ombe zamkaka kufupi ndi malire a Quebec, anachiyang'ana kamodzi n'kunena zimene ankaganiza. A Paquette anali munthu wolemba chilichonse, choncho mawuwo alimo m'buku lawo loyamba la m'dimba: "19 Meyi 2009. Jeannine akuti ndi fodya wa mdyerekezi, wonga amene anapha ng'ombe ziwiri za bambo ake mu 1961. Si membala." Mayi Jeannine sanabwerezenso. Anali atakhala m'banja zaka 40 ndipo ankadziwa mtengo wa mawu obwereza.

Juni aliyense komiti inkabwera kudzayendera. Munali anthu atatu: Mayi Stoddard, wapampando wa bungwe Dokotala Hollis Wheelock, mwana wa malemu, amene kale ankazula mano, ndi a Royal Bessette, amene sankamva bwino ndipo ankavomereza mawu a munthu amene wayankhula pomaliza. Ankaimirira mozungulira waya uja, manja kumbuyo, n'kuyang'ana kwa nthawi yokwanira.

"Masamba abwino," ankatero a Dokotala.

"Athanzi zedi," ankatero Mayi Stoddard. Kenako ankawalangiza a Paquette kuti azivala magolovesi pochigwira ndiponso kuti galu wa adzukulu asamayandikire. A Paquette sankadabwa. Anali atawerenga kuti nsapato ya mfumukazi ili ndi ubweya woyabwa pakhungu. Anali atawerenganso kuti ikamera kuchokera ku njere imatha kudikira zaka 16 isanatulutse duwa, ndipo chiwerengero chimenechi ankachiuza aliyense, ngakhale wowerenga mita ya magetsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sikuti anadalira muzu umodzi wokha. Anagula maokidi ena atatu kwa olima odziwika, onse opirira chisanu, onse oyenera dothi la kumeneko. Yoyamba anaifunditsa masamba a paini, chiguduli, ndi pepala lapulasitiki pamwamba, poopa kuti imva kuzizira; inaola mu Epulo 2010 chifukwa cha chinyezi. Yachiwiri inapirira nyengo ziwiri, koma mu Malichi 2012 kunatentha ngati Juni kwa sabata yathunthu, a Paquette n'kuivundukula kuti ipume mphepo. Inaphuka, chisanu n'kubwerera pa 27 Malichi, n'kuipsereza. Yachitatu anaithira feteleza wa matimati chifukwa inkaoneka yowonda. Mayi Stoddard anawauza mofatsa kuti zomera zimenezi zinkakhala pansi pa chipale anthu asanabwere ndi mabulangete, ndipo chimene zimafuna kwambiri n'kusiyidwa. A Paquette analemba malangizowo m'buku, n'kuwadula mzere kunsi, n'kupita kukathirira.

M'dimbamo munali mdani mmodzi. Pa ngodya ya galaja, pamene simenti imakumana ndi miyala ya panjira ya galimoto, pankamera udzu wina wa tsinde limodzi lowongoka ndi masamba osongoka. A Paquette ankauzula Juni aliyense, n'kuuzulanso mu Julayi ndi mu Ogasiti. Muzu wake unali kutali pansi pa simenti, moti tsinde lokha ndilo linkaduka. Anauthira madzi owira, vinyo wosasa, mchere wosungunulira chipale. Mu 2014 anauyika njerwa pamwamba, udzuwo n'kutulukira m'mbali mwa njerwayo. Nkhondo yonseyi ankailemba, tsiku ndi chida chake, chifukwa ku Tilden munthu wa udzu pakhomo amamukamba kusitolo.

Chaka chakhumi chinafika. Pa 29 Meyi 2018, a Paquette anapeza kuti chomera cha malemu chatulutsa phesi pakati. Analowa m'nyumba osavula nsapato, chinthu chimene sanachitepo, n'kukauza akazi awo. Mayi Jeannine anafunsa ngati akufuna dzira limodzi kapena awiri. Phesilo linafika m'chiuno pa 5 Juni, pachifuwa pa 11 Juni, ndipo pa 15 Juni linali litawapitirira chipewa. Palibe buku limene linanena kuti nsapato ya mfumukazi imatalika chonchi. A Paquette anaganiza kuti n'chifukwa cha chisamaliro, ndipo anaitana komiti kuti ibwere Lolemba pa 18, sabata ya ulendo wa kudambo.

Tsikulo Mayi Jeannine anakazinga madonasi n'kuwathira manyuchi a mtengo wa mapulo. Komiti inafika 10 koloko m'mawa n'kuima pamalo ake a masiku onse. Pamwamba pa phesi panali nthambi zolendewera, zodzaza timaluwa tobiriwira tonga nyenyezi, mazana angapo, popanda koyera, popanda kathumba. A Paquette anali ataziona kale m'mawa womwewo, koma mumtima ankayembekezera kuti mwina anthu ophunzira aona china.

Duwa linali litatuluka, choncho lamulo lachisanu ndi chiwiri silinkamanganso munthu pakamwa. Anthu atatuwo anayang'anana. Pomaliza a Dokotala anakonza kukhosi n'kutchula dzina lachilatini, Veratrum viride, motsitsa mawu, monga ankauzira odwala kuti dzino lituluka.

"Kwathu timati fodya wa mdyerekezi," anatero Mayi Jeannine ali pakhomo, mbale ya madonasi ili m'manja. "Khofi wapsa."

A Paquette anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anafunsa Mayi Stoddard kuti anazindikira liti.

"Juni 2009, achimwene. Tsiku loyamba lomwe lija."

"Nanga inu, a Dokotala?"

"Kuseri kwa khola la bambo kuli zambirimbiri zimenezi. Ndinakula ndikuzidula." A Dokotala anayang'ana nsapato zawo. "Koma lamulo ndi lamulo, akulu. Tikanati tiyambe kutchula mayina a masamba, bwenzi tabwerera ku 1987."

"Masamba abwino," anatero a Bessette, amene sanamve kanthu.

Loweruka la ulendo wa kudambo a Paquette sanapite kukakonza matebulo. Buku la m'dimba linaima pa 18 Juni. Sanadule chomera chija, sanachithirire, sanatchetche kapinga, ndipo pofika sabata yachitatu ya Julayi anthu kusitolo anali atayamba kufunsa Mayi Jeannine ngati bambo akudwala. A Paquette ankakhala pakhonde kuyang'ana mnyamata amene anatenga ntchito yawo akuyika makalata m'mabokosi mosatsata dongosolo. Pa 31 Ogasiti dzina lawo linali kudzafufutidwa, ndipo palibe okidi pa dziko lapansi imene ingapirire nyengo zachisanu zitatu m'masabata asanu ndi limodzi.

Lachinayi pa 26 Julayi, Mayi Stoddard anabwera kudzatenga kachikwangwani kobiriwira. Anapepesa kuti afulumira: mwezi wonse wa Ogasiti akakhala kwa mng'ono wawo ku Maine, ndipo sankafuna kuti a Dokotala adzabwere okha pa ntchito yotereyi. Anaimika galimoto pafupi ndi galaja. Potsika anayang'ana pansi, monga amachitira anthu onse a m'bungwelo kulikonse kumene ali, ngakhale pamaliro. Kenako anagwada pamiyala, mayi wa zaka 76, n'kutulutsa kagalasi kokuzira zinthu kamene ankavala m'khosi.

Udzu wa pa ngodya uja, kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi, unali utasiyidwa masabata asanu. Unali utafika m'mawondo. Kumtunda kwa tsinde kunali timaluwa pafupifupi makumi awiri, tonse toyang'ana mbali imodzi, tobiriwira mosakanizika ndi kufiirira kwakuda, kalikonse kosaposa chikhadabo.

"A Wendell, tabwerani kuno. Ichi mwachiona?"

A Paquette anachita manyazi. Ananena kuti akudziwa, pakhomo payipa masiku ano, ndipo anawerama kuti azule. Mayi Stoddard anawamenya padzanja mwamphamvu moti kunamveka mpaka kukhitchini.

"Mukachikhudza ndikuthyolani chala. Gwadani." Anawapatsa kagalasi kaja. Anawauza kuti awerenge: timasamba titatu takunja, tiwiri tam'kati, ndipo kachisanu ndi chimodzi, kapansi, kosiyana ndi tinzake, kokhala ngati kambale konyowa kokhala ndi lilime kutsogolo. Mlomo umenewo, anatero, ndiwo chidindo cha banja lonse, kuyambira mfumukazi mpaka wopemphapempha. "Duwa latuluka, ndiye nditha kutchula. Iyi ndi helebolini. Okidi, achimwene. Yonyansa, koma okidi."

Kachikwangwani kobiriwira sanakatenge. Anakazula pa waya wa chomera cha malemu n'kukazika pakati pa miyala.

Komiti inakumana pakhomo la galajalo Loweruka pa 28 Julayi. A Dokotala anabwera atakonzeka. Ananena kuti helebolini si ya kuno, inachokera ku Ulaya, inapezeka koyamba kufupi ndi Syracuse mu 1879 ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikumera m'ngalande, m'manda ndi kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Anakumbutsa kuti mu 1994 bungwe lomweli linakhala tsiku lathunthu likuizula pabwalo la tchalitchi. Kulandira munthu chifukwa cha chinthu chotere, anatero, n'kunyoza amene anaonongera misana yawo pa maluwa enieni. Komanso a Paquette sanaibzale.

Mayi Stoddard anatsegula kabuku ka malamulo n'kuwerenga lachitatu mokweza, kuti a Bessette amveko. Linkati okidi, silinatchule kuti iti. Linkati yakhala m'dothi la pakhomo. Silinafunse kuti inafika bwanji.

"Chabwino," anatero a Dokotala. "Nanga nyengo zitatu? Ndani angachitire umboni kuti chinthu ichi sichinamere Meyi yemweyu?"

Apa Mayi Jeannine analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mabuku khumi omangidwa ndi lamba wakale wa positi. Anali atayikamo timapepala usiku wathawo pamasamba oyenera. Mayi Stoddard anawerenga ali chiimire.

"8 Juni 2009. Udzu pa ngodya ya kumadzulo ya galaja, dzanja limodzi kuchokera pa simenti. Ndazula. 4 Juni 2010. Watulukanso, pamalo omwewo. Ndazula. 30 Juni 2010. Madzi owira, ketulo ziwiri. 6 Juni 2011. Watulukanso. 12 Juni 2014. Njerwa. 1 Julayi 2014. Wazungulira njerwa."

Anawerenga mpaka chaka cha 2017. Udzuwo unatchulidwa maulendo 143, ndipo panalibe chaka chimene unasowa. Mayi Stoddard ananena kuti pa zaka 22 za ulembi wawo sanaonepo chomera cha woyembekezera chokhala ndi umboni wadongosolo chonchi.

"Kumeneku si kusamala," anatero a Dokotala. "N'kufuna kupha."

"Lamulo silifunsa za mumtima mwa mwini dimba, a Hollis," anayankha Mayi Stoddard.

"Zonse zimene bambo a Colette anazikonda m'dimba muno zinafa," anatero Mayi Jeannine. "Chatsala n'chimene anachida. Mwina mukalembe zimenezo m'kabuku kanu, zithandiza ena."

A Paquette sanaseke. Anali ataima chapatali, manja m'thumba, akuyang'ana timaluwa tija. Zaka khumi anadikira mfumukazi, ndipo tsopano anthu ankakangana ngati angalowe m'bungwe atagwira dzanja la namsongole. Mtima wina unkawauza kuti akane okha, asunge ulemu. Koma anali ndi zaka 72, mawondo anali atayamba kulira pa masitepe, ndipo dambo silibwera pakhomo pa munthu. Sanakane.

A Dokotala anati nkhaniyi ndi yaikulu, iyenera kudikira msonkhano wapachaka wa mu Sepitembala. Aliyense anadziwa kuti Sepitembala amabwera pambuyo pa 31 Ogasiti. Mayi Stoddard anatseka mabuku aja mwaulemu n'kunena kuti palibe vuto, iwo adzafunika kungokonza zolemba zonse kuti msonkhanowo udzamve nkhani yathunthu. Za ulendo wa pa 18 Juni anali asanazilembe m'buku la bungwe. Anafunsa wapampando kuti awathandize: polemba kuti chomera cha oyembekezera chinapezeka kuti ndi fodya wa mdyerekezi, alembenso dzina la amene anapereka muzuwo, ndi mawu amene ananena poupereka? Buku la bungwe limasungidwa ku laibulale ya tauni, ndipo m'chipinda chomwecho muli chithunzi cha a Alton Wheelock atanyamula nsapato ya mfumukazi.

A Dokotala anayang'ana timaluwa tija kwa nthawi yaitali. Kenako anapempha kagalasi, n'kugwada bondo limodzi pamiyala.

"Mlomo wake ndi wooneka bwino ndithu," anatero. "Ukaipa, dziwa nyimbo."

A Bessette anavomereza. Dzina la a Wendell Paquette linalembedwa pa mndandanda wa mamembala enieni nthawi ya 11:20 m'mawa, ndipo m'buku la bungwe za pa 18 Juni munangolembedwa kuti komiti inayendera dimba n'kulandiridwa ndi madonasi.

M'mawa mwake a Paquette anatuluka ndi waya wotchingira agwape, thumba la manyowa ndi chitini chothiririra. Anapeza akazi awo atakhala pampando wopinda pakhomo la galaja, akumwa khofi.

"Bwererani nazo zimenezo."

"Ndingofuna kuchithandiza pang'ono, mayi a Colette. Chavutika."

"Ngati mukuchifunira zabwino, kawiritseni madzi."

Pa 22 Juni 2019, a Paquette anayika foni yawo m'dengu n'kukwera kabasi. Anakhala pawindo. Kabasiko kanatuluka m'tauni kulowera kumpoto, n'kukhota pa sitolo ya zakudya za ziweto, n'kuwoloka mlatho wamatabwa. A Paquette ankadziwa bokosi lililonse la makalata limene ankadutsa, ndi dzina la galu wa nyumba iliyonse. Atapitirira bokosi la nambala 88, kabasi kanaima pamalo otakasuka m'mbali mwa msewu, pansi pa mikungudza. Pamalo amenewo a Paquette anaimikapo galimoto ya positi masana alionse kwa zaka 31, n'kudya buledi wawo wa nyama, ndipo nthawi zina ankalowa kuseri kwa mitengoyo kukadzithandiza. Sankapitirira mapazi khumi.

Dambo linali pa mapazi 60. Anawerenga. Panali matabwa oyendapo, udzudzu, fungo la matope ozizira, ndipo kenako maluwawo, m'magulumagulu pakati pa ndere, oyera ngati mkaka, kathumba kalikonse kofiirira ngati tsaya la mwana wochokera pachisanu. Palibe anawathirira, palibe anawafunditsa. A Paquette anaima pathabwa n'kuwayang'ana. Anayesa kuwerenga, anafika 340, n'kusiya, n'kubweza buku m'thumba.

Pobwerera, njira inkadutsa m'mphepete mwa kamtsinje. Pamenepo panali chomera china chimene a Paquette ankachidziwa kuposa munthu aliyense m'kabasi muja, masamba aakulu amizeremizere, chothithikana mpaka kutsidya. Chaka chimenecho chinali chisanatulutse duwa. A Dokotala, amene ankayenda patsogolo pawo, anafulumiza mapazi n'kuyamba kuloza mbalame.

"A Dokotala," anaitana a Paquette.

A Dokotala anatembenuka.

"Masamba abwino."